Munda umene udakula ndi cholembera

Munda wa munthu ukakula, anansi amadziwa chimene chaukulitsa. Mwina mwiniwake waswa mphanje, mwina wagula tsala la mnzake, mwinanso wasuntha malire usiku anthu ali m'tulo. Njira iliyonse imasiya umboni wake: zitsa, mboni zimene zidaona ndalama zikuperekedwa, kapena mlandu pabwalo la amfumu. Koma kumpoto kwa New Mexico, m'dziko la United States, kuli malo amene adakula popanda khasu kapena nkhwangwa. Lamulo la nthawi imene malowo ankaperekedwa linkalola maekala pafupifupi 97,000 basi. Pofika mu 1879, chikalata cha boma chidati ndi maekala 1,714,765. Malo amenewa amadziwika ndi dzina lakuti Maxwell Land Grant, ndipo kukula kwake amaposa boma lonse la Lilongwe.

Lero kumeneko kuli mafamu akuluakulu a ng'ombe, kuli nkhalango zosamalidwa bwino, kuli njati, kulinso msasa wa masikauti umene achinyamata zikwizikwi amapitako chaka ndi chaka. Eni ake onse ali ndi zikalata zosakayikitsa, ndipo aliyense wa iwo atha kukuwerengerani amene adamugulitsa, ndi amene adagulitsa ameneyo, kubwerera m'mbuyo mpaka 1841. Ine sindikutsutsa mndandanda umenewo. Ndikungoti umayankha funso lina, osati limene anthu amaganiza kuti ukuyankha. Umatiuza amene adapambana pamapepala. Za amene adali mwini nthaka, ndi za mmene nthakayo idachokera m'manja mwake, mndandandawo uli chete, ndipo ngakhale khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, litapatsidwa mpata woti liyankhe, lidalambalala.

Mapepalawo adayamba mu Januwale 1841, New Mexico akadali pansi pa dziko la Mexico. Amuna awiri adalembera bwanamkubwa Manuel Armijo kupempha malo kum'mawa kwa mapiri a Sangre de Cristo. Mmodzi adali Carlos Beaubien, wamalonda wobadwira ku Canada amene adakhazikika m'tauni ya Taos n'kukwatira komweko. Mnzake adali Guadalupe Miranda, mlembi wa boma la Armijo yemweyo. Pempho lidalowa pa 8, yankho n'kutuluka pa 11. Aliyense amene adayendapo m'maofesi a zamalo, kwina kulikonse padziko pano, akudziwa kuti fayilo siithamanga chotere payokha. Patapita zaka ziwiri, chimene chinkaikankha chidaonekera: gawo limodzi mwa magawo anayi a malowo lidalembedwa m'dzina la Armijo, gawo lina n'kupita kwa Charles Bent, wamalonda wa ku America. Bwanamkubwa adapereka malo ndi dzanja lamanja, n'kulandirako ndi lamanzere.

M'pempho lija mudalibe chiwerengero cha maekala. Malire adafotokozedwa ndi mitsinje, zitunda ndi nsonga za mapiri: kuyambira pamatsiriro a mtsinje wakuti, kulunjika kumpoto mpaka phiri lakuti, kutsata msana wa mapiri kubwerera kummwera. Malire otere amagwira ntchito pamudzi, pamene aliyense akudziwa mtengo umene ukunenedwa ndipo agogo amene adaubzala akadali moyo. Pamtunda wa masiku angapo pahatchi, malire otere ali ngati lamba wa mphira. Amakokeka malinga ndi mimba ya wovala.

Munthu woyamba kuona zimenezi adali wansembe wa ku Taos, bambo Antonio José Martínez. Iwo adadandaula ku boma kuti malowo ndi aakulu mopitirira muyeso, kuti akulowerera msipu ndi malo osakako nyama a anthu a m'derali, ndiponso kuti kumbuyo kwake kuli mlendo Bent. Mu 1844 boma lidaimitsa kaye chilolezocho. Poyankha, Beaubien adati wansembeyo akukokomeza, malowo saposa ma league 15 kapena 18. League ndi muyeso wa nthawi imeneyo, pafupifupi maekala 4,400, ndiye kuti mwiniwake ndi pakamwa pake ankanena za maekala osapitirira 80,000. Boma lidamva zimenezo n'kumubwezera malowo. Mawuwa adali ndi chifukwa chake: lamulo la Mexico la 1824 linkaletsa kupatsa munthu mmodzi ma league oposa 11. Anthu awiri, ma league 22. Pamenepo ndi pamene pachokera maekala 97,000 aja. Chikalata cha 1879 chili ndi ma league oposa 380. Wokokomeza uja adachepetsa.

Tsono tisanapitirire, tifunse funso limene mapepala onsewa sadafunse. Kodi kumaloko kudalibe anthu? Adaliko. Mtundu wa Jicarilla Apache unkakhala m'zigwa za Cimarron ndi Ponil, kulima m'mbali mwa mitsinje, kusaka ndi kuumba mbiya. A mtundu wa Ute ankatsika m'mapiri kudzasaka komweko. Palibe amene adawaitana pamene mkulu wa milandu wa ku Taos, Cornelio Vigil, ankayendera malire ndi eni atsopanowo mu 1843. Armijo adapereka chinthu chimene boma lake silinkachilamulira n'komwe. Asilikali a Mexico sakadatha kugona kumeneko mwezi wathunthu popanda chilolezo cha eni nthaka. Aliyense wowerenga mbiri ya malowa kuyambira 1841 wavomereza kale, mosazindikira, kuti zaka zonse za m'mbuyo mwake sizikuwerengedwa. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa amene wasankha tsiku loyambira kuwerenga wapambana kale theka la mlandu.

Nkhondo ya America ndi Mexico idabuka mu 1846, Armijo n'kuthawa. Bent adaikidwa kukhala bwanamkubwa wa boma latsopano, koma mu Januwale 1847 anthu a ku Taos adaukira ndi kumupha. Pachipolowe chomwecho adafanso Vigil uja, pamodzi ndi Narciso, mwana wa Beaubien. Pangano la Guadalupe Hidalgo la 1848 lidapereka New Mexico kwa America, ndi lonjezo lakuti katundu wa anthu a ku Mexico adzalemekezedwa. Lonjezo limenelo lidali labwino. Midzi yambiri ya alimi osauka olankhula Chisipanishi idalidalira, koma idataya msipu wake m'makhoti. Amene lidawagwirira ntchito bwino ndi amene adali ndi maloya.

Dzina la malowa lidachokera kwa Lucien Maxwell, mlenje ndi wolondolera njira wobadwira ku Illinois, amene adakwatira Luz, mwana wa Beaubien. Mkamwini ameneyu ndiye adapita kukakhaladi pamalopo, poyamba ku Rayado, kenako ku Cimarron. Mu 1858 adagula gawo la Miranda ndi ndalama zosakwana madola 3,000, ndipo apongozi ake atamwalira mu 1864 adagula magawo a alamu ake mmodzimmodzi. Anthu okonda kukometsa mbiri amamukumbukira ngati mfumu yopatsa, imene pakhomo pake pankadya aliyense wodutsa. Zina mwa zimenezo n'zoona. Ankalola mabanja kulima ndi kuweta pamalopo, iwo n'kumamupatsako gawo la zokolola kapena la nkhosa, popanda chikalata, pongogwirana chanza. Anthu a Jicarilla sadawathamangitse.

Koma tisamuyeretse. Pakhomo pake padali antchito omangidwa ndi ngongole ndiponso anthu a mtundu wa Navajo ogwidwa pankhondo. Mu 1864 adamanga chigayo chamiyala ku Cimarron, chimene chikadalipo mpaka lero ngati nyumba yosungiramo zakale, ndipo ankagulitsa ufa ndi nyama ku boma la America kuti lizigawira a Jicarilla ndi a Ute. Taganizirani: anthu ali pa nthaka ya makolo awo, nyama zatha chifukwa cha ng'ombe ndi nkhosa za mlendo, ndiye akufola pamzere kulandira ufa wa mlendo yemweyo, iye n'kumalipidwa. Kumeneko si kupatsa. Komabe ulamuliro wa Maxwell udali wa munthu wokhala pomwepo, amene ukhoza kumupeza pakhonde n'kumudandaulira, ndipo amene ankadziwa kuti akapsetsa anthu mtima nyumba yake ndi imene ipse. Zimene zidabwera pambuyo pake zidalibe khonde.

Cholakwa chachikulu, m'kuona kwanga, chidachitika mu 1860 ku Washington, ndipo chidachitika mwaulesi osati mwankhanza. Nyumba ya malamulo ya Congress idavomereza umwini wa malowa pamodzi ndi ena angapo, potsatira lipoti la mkulu woyeza malo ku New Mexico. Malowo adali asanayezedwe. Aphungu adavomereza mitsinje ndi mapiri amene sadawaonepo, osadziwa ngati akusainira maekala 90,000 kapena mamiliyoni awiri. Nthawi imeneyo palibe amene zidamukhudza, popeza kudali kutchire. Zinthu zidasintha golide atapezeka paphiri la Baldy chakumapeto kwa 1866. Chaka chotsatira anthu adakhamukirako, tauni ya Elizabethtown n'kumera ngati bowa, ndipo mwadzidzidzi funso lakuti malire ali pati lidasanduka funso la ndalama zambiri.

Mu 1869 nduna yoona za m'dziko, Jacob Cox, idagamula kuti malowa sangapose maekala 97,000 aja, malinga ndi lamulo la Mexico. Chaka chotsatira Maxwell adagulitsa malowo kwa gulu la andale ndi amalonda, iwo n'kuwapititsa kwa Angelezi pamtengo wa madola 1,350,000, ndipo ndalama zambiri zoyendetsera kampani yatsopanoyo zidakongoledwa ku Netherlands. Onani bwino ndondomeko ya zakazi. Pamene ogulawo ankagula, nduna idali itanena kale kuti malowo ndi aang'ono. Sadagule munda, adagula mlandu, ali ndi chikhulupiriro kuti ali ndi anthu oti awuwine. Maxwell mwiniwake adasamukira ku Fort Sumner, chuma chake chambiri chidamwazika, ndipo adamwalira mu 1875. M'nyumba ya banja lake kumeneko ndi mmene chigawenga chotchuka Billy the Kid chidaphedwera mu 1881, ndipo anthu ambiri akunja dzina la Maxwell amalidziwira pamenepo, osati pankhani ya malo.

Kampani idayamba kutumiza makalata: lipirani lendi kapena chokani. Mabanja olankhula Chisipanishi amene adakhala pamenepo zaka makumi awiri pa mawu a Maxwell, anthu okumba golide, ndi alimi amene adabwera atamva kuti nduna yati malo otsalawo ndi a boma, onse adasanduka olowerera malo a eni. Kumbuyo kwa kampani kudali kagulu ka maloya, oweruza ndi andale kotchedwa Santa Fe Ring, momwe mudali anthu ngati Thomas Catron ndi Stephen Elkins. M'busa wa mpingo wa Methodist, Franklin Tolby, ankakadzudzula poyera kagulu kameneka. Mu Sepitembala 1875 adapezeka ataomberedwa m'chigwa cha Cimarron akuchokera ku Elizabethtown. Chidatsatira ndi chipwirikiti chimene chimatchedwa nkhondo ya Colfax County.

Pano pali chinthu chimene anthu osimba nkhaniyi ngati ya abwino ndi oipa amachidumpha. Oyamba kulipira imfa ya m'busayo sadali akuluakulu a ku Santa Fe. Adali Cruz Vega ndi Manuel Cardenas, amuna awiri osauka olankhula Chisipanishi amene ankaganiziridwa kuti adatumidwa. Vega adazunzidwa ndi kupachikidwa ndi gulu la anthu, Cardenas adaomberedwa ali m'manja mwa alonda. Amene ankatchulidwa kuti ndiwo adawatuma sadamangidwe. Ngakhale pakati pa olimbana ndi kampani padali tsankho: azungu olankhula Chingelezi ankafuna ufulu wawo pa nthaka, koma ambiri a iwo sankaona kuti m'Jicarilla kapena mlimi wa Chisipanishi ali ndi ufulu womwewo. Ofesi yogawira a Jicarilla chakudya ku Cimarron idatsekedwa mu 1876, ndipo sindikuona kuti alimi atsopanowo adalira.

Chimene chidapulumutsa kampani ndi mlandu wa malo ena oyandikana nawo. Mu 1876, pamlandu wa Tameling, khoti lalikulu kwambiri la Supreme lidagamula kuti Congress ikavomereza malo, zili ngati yawapereka mwatsopano, ndipo makhoti sangabwererenso kukafufuza ngati lamulo la Mexico lidatsatidwa. Khomo lidatseguka. Mu 1877 boma lidatumiza oyeza malo awiri, mmodzi mwa iwo John Elkins, mbale wake weniweni wa Stephen Elkins amene adakhalapo mkulu wa kampani ya Maxwell. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Muyeso wawo udakwera mpaka kulowa m'chigawo cha Colorado, ndipo chikalata cha 1879 chidatsatira muyeso umenewo. Boma lomwelo pambuyo pake lidasuma kuti chikalatacho chifafanizidwe ponena kuti padali chinyengo, koma mu Epulo 1887 khoti la Supreme lidaimira kampani, imene panthawiyi idali m'manja mwa anthu a ku Amsterdam.

Chigamulo chimenechi ndi chimene eni malo onse a lero amatsamira, tsono n'kofunika kumva chimene chidanena. Sichidanene kuti Armijo adali ndi mphamvu zopereka malo aakulu chotere mopanda malire alionse. Sichidanene kuti Beaubien adanena zoona mu 1844. Msana wake udali wakuti Congress idavomereza mu 1860, kuti chikalata chosainidwa ndi boma sichigwetsedwa popanda umboni wamphamvu kwambiri wa chinyengo, ndipo kuti umboni woperekedwawo sudafike pamenepo. Kunena kwina, aphungu adasaina osayeza, oyeza adayeza motsamira siginecha ya aphungu, oweruza n'kunena kuti sangatsutse aphungu. Aliyense adaloza mnzake. Palibe paliponse pamzerewu pamene munthu adakhala pansi n'kufunsa ngati n'koyenera kuti anthu awiri alandire dziko lotere, nanga okhalamo apita kuti.

Okhalamowo adapita kumene akadatha. Ena adagula minda yawo yomwe kwa kampani, ena adasanduka matenanti, ena adanyamuka. Ku Stonewall, mbali ya Colorado, alimi adalimbana ndi apolisi a kampani mu 1888, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo, Richard Russell, adaphedwa. M'busa wina, Oscar McMains, adatha zaka zake zonse akuyenda pakati pa New Mexico ndi Washington kupempha kuti nkhaniyi ionedwenso, osaphula kanthu. A Jicarilla, atasamutsidwa uku ndi uku, adapatsidwa malo awo kufupi ndi Dulce, kutali kumadzulo kwa mapiri. Chaka chake ndi 1887 chomwecho. Chaka chimodzi, boma limodzi: eni masheya a ku Amsterdam atsimikiziridwa chigwa cha Cimarron, obadwira m'chigwamo alozeredwa kwina.

Wowerenga wa kumapiri a Shire sakufunika womasulira apa. Patangopita zaka zisanu, Harry Johnston adayamba kupereka zikalata zotsimikizira azungu malo amene ankati adagula kwa mafumu, ndi mawu akuti midzi yopezeka kale isasokonezedwe. Mawuwo adakhala papepala, thangata n'kukhala m'munda, mpaka zimene zidachitika ku Magomero mu 1915. Nkhani ziwirizi si imodzi, ndipo sindifuna kuzikakamiza kuti zifanane. Koma chida chake n'chimodzi: boma latsopano litsimikizira pepala lakale popanda kufunsa okhala pa nthakayo, kenako pepalalo lisanduka chifukwa chowalipiritsa.

Kampani ya Maxwell sidalemere monga momwe eni ake ankalotera. Idagwa kangapo ndi ngongole, ndipo idapulumukira kugulitsa malowo zidutswazidutswa. Loya amene adaiwinira mlandu, Frank Springer, banja lake lidakhazikitsa famu ya ng'ombe ya CS, imene ikadalipo. Pamalo amene John Dawson adagula kwa Maxwell mu 1869 padapezeka malasha, ndipo padamera tauni ya migodi imene kampani ya Phelps Dodge idaigula n'kuikulitsa. Mu Okutobala 1913 mgodi udaphulika n'kupha anthu 263. Mu 1923 udaphulikanso n'kupha oposa 120, ambiri mwa iwo obwera kuchokera ku Italy, Greece ndi Mexico. Migodi itatsekedwa mu 1950 tauniyo idagumulidwa, n'kutsala manda a mitanda yachitsulo yoyera. Anthu amenewa sapezeka pamndandanda wa eni malo, ngakhale ndiwo okhawo amene sadzachokapo.

Chigawo chachikulu kwambiri, Vermejo Park, chidayamba ndi William Bartlett, wamalonda a tirigu wa ku Chicago, mu 1902. Chidadutsa m'manja angapo, kufika kwa kampani ya mafuta ya Pennzoil mu 1973, kenako kwa Ted Turner, amene adayambitsa CNN, mu 1996. Ndi maekala oposa 550,000. Kummwera kwake, Waite Phillips, amene adalemera ndi mafuta ku Oklahoma, adapatsa masikauti a ku America maekala pafupifupi 127,000 m'zaka za 1938 ndi 1941, ndipo amenewo ndiwo msasa wa Philmont.

Tsono wina anena kuti: nanga vuto lili pati? Anthu a lerowa adagula ndi ndalama zawo, sadaphe munthu. Komanso malowa akadagawidwa timagawo ta maekala 160 monga momwe boma linkagawira alimi nthawi imeneyo, bwenzi lero ali mipanda yokhayokha ndi nthaka yoguga, chifukwa dera louma chotere banja silingakhale ndi maekala 160. Kukula kwake ndiko kwasunga nkhalango, mitsinje, njati ndi nsomba za m'deralo zimene zidatsala pang'ono kutha. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindiipeputsa. Ndikuvomerezanso kuti dziko silingayende ngati chikalata chilichonse chingathe kugwetsedwa chifukwa cha zimene zidachitika agogo a agogo athu asanabadwe. Munthu sabzala mtengo pamalo amene mawa angalandidwe. Sindikunena kuti ana a masikauti athamangitsidwe m'matenti awo.

Koma mfundoyi ikutsimikiza zochepa kuposa mmene eni ake amafunira. Kuti malo asamalidwe ali athunthu sizitanthauza kuti akhale a munthu mmodzi, wotsegulira okhawo otha kulipira ndalama zambiri pausiku umodzi. Ndipo kusamala kumene kumadalira mtima wa mwini malo kumatha tsiku limene mtimawo wasintha kapena ngongole yakula. Pa Vermejo pomwepo pali zitsime zambiri za gasi, chifukwa umwini wa za pansi pa nthaka udagulitsidwa padera ndi wa pamwamba. Philmont, mphatso imene idaperekedwa kwa ana, idaikidwa chikole kubanki mu 2019, bungwe la masikauti lili pamavuto a ndalama. Ngati nthaka ingathe kukhala chikole cha ngongole zimene zidabadwira kutali, ndiye kuti kusagwedezeka kumene amatiuza kuja kumagwira mbali imodzi. Chikalata n'chopatulika mdzukulu wa m'Jicarilla akafunsa, koma n'chogulitsika banki ikafunsa.

Chimene ndikufuna n'chocheperapo kusiyana ndi kulanda, koma n'chovuta kuposa kuika chikwangwani chachikumbutso. Choyamba, eni malowa aleke kuwerenga kuyambira 1841 ngati kuti m'mbuyo mwake mudali mphepo yokha. Mwana amene wayenda masiku khumi m'mapiri a Philmont ayenera kubwerera kwawo akudziwa za mzere wa ufa pachigayo cha ku Cimarron monga momwe amadziwira za Kit Carson, wolondolera njira wotchuka wa nthawi imeneyo. Chachiwiri, mitundu imene idachotsedwa ikhale ndi ufulu wolembedwa, osati chisomo cha bwana, wofika kumalo awo opatulika, kumanda ndi kokumba dothi loumbira. Chachitatu, chigawo chilichonse chachikulu chikamagulitsidwa, iwo ndi anthu a m'derali akhale oyamba kufunsidwa, boma n'kuthandizapo, popeza ndi boma lomwelo limene lidasaina osayeza.

Anthu ena amati zimenezi ndi maloto, mlandu udatha mu 1887. Koma dera lomwelo lili ndi umboni wakuti zotheka zilipo. Mu 1982 Pennzoil idapereka ku boma maekala pafupifupi 100,000 a Vermejo, chigwa cha Valle Vidal, ndipo lero aliyense akhoza kulowamo. Makampani atafuna kukumbamo gasi, alenje, oweta ng'ombe, masikauti ndi anthu wamba adagwirizana kukana, mpaka Congress idakhazikitsa lamulo loletsa mu 2006. Malo amene ali a anthu onse adapeza owateteza ambiri, pamene a munthu mmodzi tsidya lina la mpanda adabooledwa.

Umboni wina uli kuseri kwa phiri, kumadzulo kwa malire a Maxwell. Mu 1906 boma la pulezidenti Theodore Roosevelt lidatenga nyanja yaing'ono ya Blue Lake, malo opatulika a anthu a Taos Pueblo, mudzi wa eni nthaka kufupi ndi Taos, n'kuiphatikiza ku nkhalango ya boma. Zonse zidachitika mwalamulo, mapepala ali bwinobwino. Anthuwo sadaleke kufunsa. Atauzidwa kuti alandire ndalama ngati chipepeso adakana, nati pamalo opempherera salandirapo ndalama. Akuluakulu amene adayamba nkhondoyo adamwalira, ana awo n'kuipitiriza, kwa zaka 64. Mu Disembala 1970 pulezidenti Richard Nixon adasaina lamulo lowabwezera nyanjayo ndi nthaka yoizungulira. Anthu ake ndi a mudzi womwe uja umene bambo Martínez ankaudandaulira msipu. Adabwezeredwa maekala 48,000, pafupifupi ndendende muyeso umene lamulo la 1824 linkalola Beaubien kulandira.